Tsiku Limene Mipira Inagundana

Kwathu ku Cabudare, dzina lonyoza likakugwera silichoka. Umakalamba nalo, ndipo tsiku la maliro ako anthu amafunsana kuti kodi dzina lako lenileni linali ndani. Ender Querales lake linamugwera Lamulungu lina masana, pa bwalo la mipira yolemera kuseri kwa tchalitchi, Nohelia Piña akuonerera atagwira chingwe choyezera m'manja.

Ender anali wa ku Maracaibo, wapakamwa ngati anzake onse a kumeneko, ndipo ntchito yake inali yopanga masewera a pa foni. Nohelia anakhala naye pa chibwenzi miyezi isanu ndi itatu mobisa, chifukwa mtima wa bambo ake ankaudziwa. Don Eleazar Piña anali asanagonjepo pa boche, kaponyedwe kogunda mpira wa mdani, kwa zaka makumi atatu. Akaponya mpira m'mwamba, unkakagwera ndendende pa mpira wa mdani n'kuuthamangitsa kutali ndi mingo, kampira kakang'ono kamene magulu awiri amalimbirana kuyandikira, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kumsika. Munthu wotero sapereka mwana wake mmodzi yekha kwa mnyamata wa manja osalala ngati a wansembe.

Nzeru ya Ender inali yoti awakope ndi chinthu chimene amachikonda. Anapanga masewera omwewo pa foni: bwalo lamchenga, mipira yofiira ndi yobiriwira, mingo pakati. Anabwera nawo anthu atangomaliza kudya msuzi wa sancocho, naika foni patebulo pamaso pa mkuluyo.

"Kokani chala chonchi, bambo, kenako musiye. Mukakoka pang'ono mpira ugubuduzika. Mukakoka kwambiri ndiye boche."

Don Eleazar anakoka kwambiri, monga munthu wa boche. Mpira wofiira unauluka, unafika pa wobiriwira, n'kungodutsa pakati pake ngati palibe kanthu. Unakagwa kutsidya. Wobiriwira uja sunagwedezeke n'komwe.

Kenako Franyer Colmenárez anaweramira pa foni. Ameneyu Don Eleazar anamuimira pa ubatizo, namuphunzitsa kuponya kuyambira ali wamng'ono, ndipo diso la Franyer linali pa Nohelia kuyambira kale.

"Abale, mwaona? Ku Maracaibo mipira yawo imadutsa pakhoma. Atibweretsera mzukwa."

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Don Eleazar okha sanaseke. Anakankhira foni kwa mwini wake ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba mwa thalauza monga linkakhalira masiku amenewo.

"Mnyamata iwe, usaganize kuti sindikudziwa chimene wabwerera. Maso ndili nawo. Koma munthu amene mipira yake siikhudzana ndimupatse mwana wanga? Tsiku limene mpira wako udzagunde unzake n'kulira monga umalirira wanga, udzabwere pabwalo pompano udzandipemphe, ndipo ndidzakupatsa. Anthuwa ndi mboni."

Ankanena monyoza, aliyense anamva. Koma Don Eleazar anali asanabwezepo mawu chibadwire, ndipo Nohelia anapita kunyumba tsiku limenelo ali ndi manyazi ndi chiyembekezo, zonse ziwiri zikumuwawa.

* * *

Patapita milungu iwiri, ngakhale mayi wogulitsa buledi anali atayamba kunena kuti, "Mzukwa, ndikupatse angati lero?" Nohelia anamupeza Ender pakhonde la nyumba ya msuweni wake kumene ankakhala, kompyuta pamiyendo, ndevu zosameta, khofi atazizira m'kapu.

"Wadya?"

"Ndadya."

"Wadya chiyani?"

"Nohe, usandiyambe."

"Ndiye undiuze chikuvuta n'chiyani. Koma undiuze ngati munthu."

Ender anapumira m'mwamba, natembenuzira kompyuta kwa iye. "Poyamba ndinaika mpira uliwonse m'kabokosi kosaoneka, pulogalamu n'kumayang'ana ngati mabokosi akhudzana. Koma bokosi lili ndi ngodya, mpira ulibe. Mipira inkakankhana isanakumane. Ndinazitaya zimenezo. Tsopano ndimayeza kuchokera pakatikati pa mpira uwu kufika pakatikati pa uwo. Mtunda ukachepa kuposa kukula kwa mpira umodzi, ndiye kuti yagundana."

"Nanga si zoona zimenezo?"

"N'zoona mpira ukamayenda pang'onopang'ono. Koma kompyuta siyang'ana nthawi zonse, imaphethira. Imatsegula maso maulendo 60 pa sekondi, pakati pake siona kanthu. Boche ndi yaliwiro. Ikatsegula maso, mpira uli kuno. Ikaphethira n'kutsegulanso, mpira uli kale kuseri kwa unzake. Siinaone kugundana, ndiye kwa iyo sikunachitike."

Nohelia anasendeza mpando pafupi ndi tebulo. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amuna akakangana pabwalo kuti mpira wa ndani wayandikira mingo, ndiye ankaitanidwa ndi chingwe chake, ndipo madoda a imvi ankatseka pakamwa kudikira kuti kamtsikana kayeze. Anatenga lalanje m'mbale naliika pakati pa tebulo. Anatulutsa chingwe m'chikwama, nachikoka kuchokera mbali ina ya tebulo kufika mbali ina, chikukhudza khungu la lalanje.

"Iwe ukufunsa kuti mpira uli pati. Funsa kuti wadutsa pati. Koka chingwe kuchokera pamene unali kufika pamene uli tsopano, ndiye uyeze mipira yonse imene yayandikira chingwecho. Ukapeza wina uli panjira, bweza mpira wako pamalo pamene iwiriyo inayenera kukumana. Igundane pamenepo."

Ender anayang'ana chingwe, anayang'ana lalanje, anamuyang'ana iye. Kenako anamugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Milungu iwiri osameta ndevu, ndipo iwe wathana nazo ndi lalanje. Mkazi iwe ndikukwatira ngakhale kuthyoke chiyani."

"Uyambe wasamba."

Anaseka onse awiri, ndipo likanakhala tsiku labwino Ender akanasiyira pomwepo. Koma mwamuna akapeza chala amafuna mkono.

"Chatsala chimodzi. Bambo ako anati ulire monga umalirira wawo. Ndikufuna kanema wa iwo akuponya, ndimve kulira kwake, ndione liwiro lake."

"Sanaponye pagulu miyezi itatu tsopano. Akuti phewa."

"Amaponya okha m'mamawa. Unandiuza wekha."

"Salola munthu kuonerera, Ender. Ngakhale ine."

"Chikondwerero cha San Antonio chatsala milungu itatu, tauni yonse idzakhala pabwalo. Ndikadzalephera kachiwiri pamaso pa anthu, ndikubwerera kwathu, Nohe. Sindingakhale kumene ngakhale wansembe amandiitana Mzukwa."

Sananene moopseza. Ananena motopa, ndipo n'chifukwa chake Nohelia anamukhulupirira.

* * *

Lachinayi m'mamawa Don Eleazar anatuluka m'chipinda atakoleka thumba la mipira paphewa lamanzere. Nohelia anali atadzuka kale.

"Mdalitso, bambo."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga."

Kwathu mwana salowa kapena kutuluka osapempha mdalitso, ngakhale atamera imvi, ndipo kholo silimana, ngakhale atakangana dzulo lake. Mawu amenewo Nohelia anali atawamva tsiku lililonse la moyo wake, mwakuti sankawamvanso.

Chitseko chitatsekeka anatenga foni. Azakhali ake a Dilcia, mlongo wa bambo ake amene anamulera mayi ake atamwalira, ankakanda ufa wa mikate yachimanga ya arepa osacheuka.

"Ukupita kuti ndi nkhope ya wakuba nkhuku?"

"Kukagula buledi."

"Buledi, ine ndikukanda ufa. Chabwino." Anaumba arepa imodzi naiponya pachiwaya. "Franyer anabweretsanso tchizi cha mbuzi dzulo. Kachitatu mwezi uno. Sindikukhulupirira kuti akufunsira ine."

"Mumuvomere, azakhali. Muzidya tchizi mpaka kufa."

"Pakamwa ngati amako. Tamvera, mwana iwe. Bambo ako andiuza kuti pa San Antonio akufuna kulengeza kuti akupuma. Apereke mipira yawo kwa achinyamata, achoke anthu akuwakumbukira kuti sanagonjepo. Ndi chokhacho chimene akufuna tsopano. Dzanja lija analiika m'thumba chifukwa alibe kwina koliika. Usakapisemo."

"Ndi phewa chabe, azakhali."

"Eya. Phewa."

Khoma la bwalo lili ndi njerwa zamabowo chakumwamba. Nohelia anakwera pa chitsa, naloza foni pa bowo limodzi. Bambo ake anali okha pamchenga. Anaika mpira wobiriwira patali, nabwerera pamzere, nacheuka uku ndi uku. Kenako anatulutsa dzanja lamanja m'thumba.

Linkanjenjemera. Osati pang'ono ngati la munthu wozizidwa, koma lokha, mosalekeza, ngati si lawo. Anatola mpira, mpirawo n'kumavina m'manja. Anagwira mkono ndi dzanja lamanzere naufinya, nalankhula nawo chapansipansi.

"Khala chete, chitsiru iwe. Khala chete kamodzi kokha."

Anaponya. Mpira unagwa usanafike. Anapita kukautola, nabwerera pamzere. Wachiwiri unapitirira. Wachitatu unapita kumbali. Wachinayi unagunda, n'kulira kulira kuja kumene Nohelia anakula nako, ndipo mkuluyo anaima nthawi yaitali atatseka maso. Anaponya maulendo 40 m'mawa umenewo. Okwana 11 ndiwo anagunda.

Nohelia analira osatulutsa mawu. Anawamvera chisoni bambo ake kuposa tsiku lina lililonse, koma foni sanaitsitse. Ndikunena monga zinalili, chifukwa amene amamuikira kumbuyo masiku ano amakonda kudumpha pamenepa.

Potsika pa chitsa anapeza njinga yamoto itaima pakona, Franyer atakhalapo, chipewa chili pabondo.

"Nohelita. Wayamba kujambula mbalame?"

"Si zako."

"Inde si zanga. Kwera ndikakutule."

"Miyendo ndili nayo."

"Ndaiona," anatero Franyer akumwetulira, naliza njinga.

Ali panjira Nohelia anatumiza kanema uja kwa Ender, nalemba kuti: "Utengemo liwiro ndi kulira kokha. Zina zonse ufufute."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Zina ziti?"

Nohelia analemba kuti, "Bambo akudwala." Anayang'ana mawu awiriwo. Anali asanawanenepo kwa munthu, ngakhale kwa iye mwini, ndipo kuwatumiza kunali ngati kuwavula bambo ake kachiwiri m'mawa umodzi. Anawafufuta, nalemba kuti, "Ungofufuta basi."

* * *

Lachiwiri lotsatira foni ya Nohelia inalira ali kukhitchini. Unali uthenga wa mawu. Atausegula anamva kulira kumodzi kouma, kwa mpira ukugunda unzake, mwakuti azakhali a Dilcia anasuzumira pawindo kuona ngati mlongo wawo akuponya pabwalo la nyumba.

Pansi pake Ender analemba kuti: "Chingwe chako chagwira ntchito. Ndaponya maulendo chikwi, palibe wadutsa ngakhale umodzi. Uyambe kusankha diresi."

Nohelia anakumbatira foni pachifuwa. Uthenga wina unalowa.

"Komanso Franyer anabwera kudzapepesa. Si munthu woipa. Tamwa limodzi, wandithandiza zambiri."

Anamuimbira pomwepo.

"Franyer wakuthandiza chiyani?"

"Moni kaye, mkazi wanga."

"Ender, wakuthandiza chiyani?"

"Ndi chinsinsi. Mphatso ya bambo ako. Udzaona pa tsikulo."

"Munthu amene anakupatsa dzina loti Mzukwa lero wasanduka m'bale wako? Ameneyo amabweretsa tchizi kwathu katatu pamwezi. Ukuganiza kuti amabweretsera ndani?"

"Ndiye ukufuna ndikhale wopanda mnzanga m'tauni yonse? Chibwerere changa kuno, ndiye mwamuna woyamba kundikokera mpando. Iwe unabadwira kuno, sudziwa mmene zimapwetekera."

Zinali zoona, ndipo Nohelia anafewa. "Kanema uja unafufuta?"

"Usade nkhawa ndi kanema, Nohe."

Nohelia anadula foni akumva ngati wayankhidwa. Patapita masiku awiri m'pamene anazindikira kuti limenelo silinali yankho, koma anaopa kufunsanso.

* * *

Tsiku la San Antonio linafika ndi ng'oma zake. Atazungulira ndi chifanizo cha woyerayo m'misewu, atavina, atagawana timabuledi todalitsidwa, anthu onse anakhamukira kubwalo. Pansi pa denga lamalata panali wailesi yakanema yaikulu imene amuna amaonerapo masewera, ndipo Ender anali atailumikiza kale ku foni yake. Anali atameta, atavala malaya ositidwa. Nohelia anamuona ali chilili pakati pa anthu amene anamuseka, mtima wake n'kumupita kwa iye.

Don Eleazar anakhala patebulo lakutsogolo, chipewa choyera kumutu, thumba la mipira pafupi ndi phazi. Mawu awo otsanzika anali atawakonza, azakhali a Dilcia anawamva akuwayeserera kubafa.

"Bambo, ndabwera monga munanenera," anatero Ender.

"Ndakuona. Tione mizukwa yako."

Bwalo lamchenga linaoneka pa wailesi yakanema. Koma tsopano panalinso tianthu toima pamzere, ndipo kamodzi kanali ndi chipewa choyera, ndevu zapamlomo zotuwa, ndi dzanja lamanja m'thumba. Anthu anaombera m'manja.

"Ndi Don Eleazar amenewo. Mpaka kaimidwe."

Mkuluyo anamwetulira, koyamba pamaso pa Ender. Nohelia anakumbukira kanema uja. Anayesa kudutsa pakati pa anthu kuti afike patebulo, koma chala cha bambo ake chinali kale pa foni.

Kamunthu ka chipewa choyera kanatulutsa dzanja m'thumba. Dzanjalo linanjenjemera. Kanatola mpira, mpira n'kumavina. Kanagwira mkono ndi dzanja lamanzere, kanaweramitsa mutu ngati kakulankhula nawo, n'kuponya. Mpira unagwa usanafike.

Kuomba m'manja kunatha ngati wina watseka mpopi.

Don Eleazar anakokanso chala. Dzanja linanjenjemeranso. Mpira unapitirira. Anakoka kachitatu, unapita kumbali.

"Aa, mzukwa wabwerera uwu," anatero mkulu wina kumbuyo, mokweza kuposa mmene zinafunikira. Ena anamuthandiza kuseka. Anali anthu abwino, ankafuna kuti mlandu ukhale wa foni.

"Taimani tione," anatero Franyer. Anatenga foni mwaulemu, nasankha kamunthu kena, nakoka chala. Mpira wofiira unauluka n'kugwera wobiriwira pamutu penipeni. Kulira kwake kunadzaza denga lonse, ndipo aliyense anakuzindikira, chifukwa kunali kulira kwa boche ya Don Eleazar. Wobiriwira unathawira kumpanda. Franyer anaponyanso, unagundanso.

"Mipira ilibe mlandu," anatero akubweza foni patebulo. "Ikugundana bwinobwino."

Ender sanamve kuti chete ameneyo anali wamtundu wanji. Anaganiza kuti anthu agoma.

"Sindinawonjezere kanthu, bambo, ndipo sindinakunamizeni kuti ndikukondweretseni. Zonse ndazitenga mu kanema monga zilili. Pa maulendo 40, okwana 11 amagunda. Ngakhale kagwedezedwe ka dzanja kamene mumadzutsira mpira musanaponye ndakaikamo, poti ndinamva kuti ndi chizindikiro chanu."

Palibe anayang'ana wailesi yakanema tsopano. Maso onse anali pa thumba lakumanja la thalauza la Don Eleazar.

"Kanema uti?"

Ender anatsegula pakamwa. Sananene dzina, zimenezo timupatse. Anangocheukira kumene kunaima Nohelia, ndipo bwalo lonse linacheuka naye.

Don Eleazar anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja m'thumba pang'onopang'ono naliika patebulo. Linayamba kugogoda thabwa lokha, sipuni ya m'kapu ya khofi n'kumalira.

"Nali. Onani bwino, musavutike ndi kusuzumira." Anatembenukira kwa Ender. "Ndinalonjeza pamaso pa anthu awa. Mpira wako wagunda, ndipo walira ngati wanga. Ulekerenji, poti ndi wanga womwewo, wobedwa pa bowo la khoma. Wapambana, mnyamata. Mtenge."

"Bambo," anatero Nohelia.

"Mtenge lero lomwe. Dilcia, ukamulongedzere zovala. Munthu wobisala kuseri kwa khoma kujambula atate ake alibe bedi m'nyumba mwanga."

Anaimirira. Mawu otsanzika aja sananene ngakhale amodzi. Analoza thumba la mipira ndi chibwano, Franyer n'kulitola msanga.

* * *

Anthu anabalalika mwamanyazi, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Ender anamugwira Nohelia pamkono pafupi ndi chipata, nkhope itatuwa.

"Nohe, sindinadziwe. Ndikulumbira pa manda a amayi anga. Franyer anandiuza kuti anakuona ukujambula, anati timuonere limodzi kanemayo. Anati kugwedeza dzanja kuja ndi mwambo wawo wa kalekale, tauni yonse imaudziwa, ndikausiya akwiya. Anati amadana ndi munthu wowanyengerera, ndiike zoona zokhazokha."

"Ndinakuuza kuti ufufute."

"Ndinakufunsa kuti zina ziti. Sunandiuze."

Nohelia anafuna kumumenya mbama, koma mawuwo anali oona, ndipo choonadi chimenecho chinamuwawa kuposa chinyengo cha Franyer. Anali awiri amene anawavula bambo ake pagulu. Mmodzi anachita mosadziwa.

"Tikawauze kuti ndi Franyer," anatero Ender.

"Akhulupirira ndani? Mwana amene anamuimira pa ubatizo, kapena Mzukwa ndi wakuba?"

Ender anayang'ana anthu akutuluka pachipata. Kenako ananena chinthu chimene mwamuna wina aliyense akanadziwa kuti sichinenedwa tsiku lotero.

"Komabe avomera, Nohe. Wamva wekha. Mkwiyo udzatha. Kwa msuweni wanga kuli chipinda."

Anamuyang'ana mnyamata amene anamukonda miyezi yonseyi, amene anakwerera chitsa chifukwa cha iye, ndipo sanapeze mumtima mwake chimwemwe ngakhale chodzaza sipuni. Anachotsa mkono wake m'dzanja la Ender.

Franyer anadutsa pachipata, thumba la mipira lili paphewa. Anachepetsa liwiro pang'ono, osamuyang'ana.

"Ukafuna kulankhula ndi bambo ako, Nohelita, udzere kwa ine. Masiku akubwerawa adzafuna munthu woyenda nawo kuchipatala."

Don Eleazar anali atafika kale pamsewu, akuyenda mowongoka, dzanja lili panja tsopano poti panalibenso chobisa. Nohelia anathamanga, chingwe choyezera chikulendewera m'chikwama, nawapeza pakona ya tchalitchi. Sanapepese, anadziwa kuti nthawi yake sinakwane. Ananena chokhacho chimene mwana sanamanidwepo ku Cabudare.

"Mdalitso, bambo."

Mkuluyo anaima. Sanacheuke. Nohelia anaona khosi lawo likugwedezeka ngati mawu akwera okha mwa chizolowezi, ndipo anadikira. Ng'oma za San Antonio zinali kumvekabe kumsika.

Franyer anafika, nasintha thumba kuliika paphewa lina.

"Ndikasiye mipira kunyumba ndibwerere kwathu. Mdalitso, bambo."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga," anatero Don Eleazar, ndipo awiriwo anapitiriza ulendo.